Kodi Baibulo limati kusakhulupirira kumamuchita chiyani munthu?

Mayi wina amene ndimadziwana nawo anadwazika mwana wawo kwa miyezi ingapo. Kuchipatala anapita, kupemphera anapemphera, kusala kudya anasala, koma mwana uja anatisiya. Patadutsa masabata ochepa, munthu wina amene amapemphera nawo limodzi anawauza, mwina poganiza kuti akuwathandiza, kuti akanakhala ndi chikhulupiriro chokwanira zinthu sizikanafika pamenepo. Anawawerengera ndi vesi lomwe. Mayiwo sanayankhe kanthu tsiku limenelo. Funso anadzandifunsa ine pambuyo pake, tili awiri: "Achimwene, ndiye kuti mwana wanga ndamupha ndine? Nanga poti masiku ano ndikagwada mawu sakutuluka, kodi ndalowa m'gulu la osakhulupirira aja a kunyanja ya moto?"

Mkangano womwewu umazungulira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wina amaponya Chivumbulutso 21:8, pamene osakhulupirira atchulidwa limodzi ndi ambanda ndi anyanga. Wina amabweza ndi nkhani ya Tomasi, amene anakayika koma Yesu sanamuthamangitse. Onsewa akuwerenga Baibulo limodzi. Chimene chimasokoneza n'chakuti mawu amodzi akuti "kusakhulupirira" timawasenzetsa zinthu zingapo zosiyana, pamene Malemba zinthuzo sazitenga mofanana.

Mawuwo pachiyambi ankanena chiyani

Pa nkhani iyi Chichewa chili ndi mwayi. Timati "kukhulupirira", timatinso "kukhulupirika", ndipo khutu limamva lokha kuti awiriwa ndi pachibale: munthu umamukhulupirira chifukwa ndi wokhulupirika. Chiheberi, chinenero cha Chipangano Chakale, chimachita chimodzimodzi. Tsinde lake ndi *aman*, lonena za chinthu cholimba, chimene ungatsamire osagwa nacho. "Ameni" amene timatsekera pemphero uja anachokera pomwepo.

Mneneri Yesaya anasewera ndi tsinde limeneli polankhula ndi mfumu Ahazi, cha m'ma 734 Yesu asanabadwe, pamene mafumu a Siriya ndi Israeli anapangana zodzaukira Yerusalemu. Pa Yesaya 7:9 anati ngati simukhulupirira simudzakhazikika, ndipo m'Chiheberi mawu awiriwo amamveka pafupifupi ofanana. Ahazi sankatsutsa zoti Mulungu aliko. Anangoona kuti zikafika pa nkhondo ndi bwino kutsamira mfumu ya Asuri, moti anaitumizira siliva ndi golide wa m'Kachisi. Kusakhulupirira kumene aneneri ankalimbana nako ndi kumeneko.

Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki. Mmenemo chikhulupiriro ndi *pistis*, mawu amene amatanthauzanso kukhulupirika, ndipo kusakhulupirira ndi *apistia*. Pali mawu enanso, *apeitheia*, onena za munthu amene wakana kukopeka, wakana kumvera. Olemba amadumpha kuchoka pa mawu awa kupita pa enawo ngati kuti ndi amodzi. Ahebri 3:18 akuti amene sanalowe mu mpumulo anali osamvera, vesi lotsatira n'kunena kuti analephera kulowa chifukwa cha kusakhulupirira. Yohane 3:36 nayenso amaika wokhulupirira Mwana mbali imodzi, wosamvera Mwana mbali inayo.

Ndiye kuti nkhaniyi si ya m'mutu mokha. Yakobo 2:19 amanena mosabisa kuti ziwanda nazo zimakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, mpaka zimanjenjemera. Munthu akhoza kuima m'mbali mwa mtsinje, n'kuvomereza kuti mlatho uwu ndi wolimba, n'kutchula ndi amisiri amene anaumanga, koma phazi osaikapo. M'masiku a Baibulo mtundu uliwonse unali ndi milungu yake, ndipo anthu onena kuti kulibiretu mulungu anali osowa. Machenjezo ambiri okhwima a kusakhulupirira amapita kwa anthu a m'nyumba momwemo, amene anamva ndi makutu awo n'kuona ndi maso awo.

Wokayika ndi wokana si munthu mmodzi

Pa Marko 9 bambo wina anabwera ndi mwana wake wamwamuna amene mzimu woipa unkamugwetsa kuyambira ali wamng'ono, nthawi zina pamoto, nthawi zina m'madzi. Ophunzira anayesa, analephera. Atafika kwa Yesu, mawu a bamboyo anali a munthu wotopa: ngati mungathe kuchitapo kanthu, tichitireni chifundo. Yesu anamubwezera "ngati mungathe" wakeyo, n'kumuuza kuti zonse n'zotheka kwa wokhulupirira. Bambo uja anafuula kuti ndikukhulupirira, thandizani kusakhulupirira kwanga. Mawu amene ali pa vesi 24 ndi *apistia* yemwe uja. Munthuyu anaulula ndi pakamwa pake kuti kusakhulupirira ali nako, ndipo mwana wake anachira.

Sali yekha. Yohane M'batizi ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesu ndiyedi woyembekezeredwa uja kapena adikire wina, ndipo pa Mateyu 11 pomwepo Yesu ananena kuti mwa obadwa mwa akazi sanaonekepo womuposa Yohane. Petro atayamba kumira anatchedwa wachikhulupiriro chochepa, koma dzanja linali litamugwira kale. Tomasi anakhala masiku 8 akukana zimene anzake ankamuuza, kenako anaonetsedwa mabala amene ankafuna kuona. Kalata ya Yuda, vesi 22, imalamula kuti okayika achitiridwe chifundo.

Izi sizikutanthauza kuti kukayika kulibe mtengo wake. Wansembe Zekariya, atauzidwa ndi mngelo kuti mkazi wake wokalamba adzabereka, anafunsa kuti ndidzadziwa bwanji zimenezi, ndipo anakhala wosalankhula kufikira mwana atabadwa. Lonjezo silinachotsedwe, Yohane anabadwabe. Chimene bambo ake anataya ndi pakamwa poti alengezere uthengawo kwa miyezi yonseyo. Yakobo 1:6-8 nayenso amafanizira wopempha mokayika ndi funde la panyanja, n'kumutcha munthu wa mitima iwiri amene asayembekezere kulandira kanthu. Omasulira ambiri amati Yakobo akunena za munthu amene waponda kuwiri, osati amene akulira ndi funso mumtima.

Gulu la okana lija ndi losiyana. Yohane 12:37 akuti Yesu anachita zizindikiro zambirimbiri pamaso pawo koma sanamukhulupirire. Patsogolo pang'ono akutchula akuluakulu ena amene mumtima anakhutira, koma sanavomere poyera poopa kuchotsedwa m'sunagoge, chifukwa anakonda ulemu wa anthu. Ndipo Yohane 3:19 akuti kuwala kunafika, anthu n'kukonda mdima chifukwa ntchito zawo zinali zoipa. Apa umboni sunasowe. Chinalipo n'chinthu china chimene munthu sanafune kutaya.

Tsiku la ku Kadesi

Chipangano Chatsopano chikafuna kusonyeza zimene kusakhulupirira kumachita, chimabwerera ku Numeri 13 ndi 14. Nkhaniyi ndi yofunika kuiwerenga modekha.

Aisraeli anali atatuluka mu Iguputo, atawoloka nyanja, akudya mana m'mawa uliwonse. Deuteronomo 1:2 akuti kuchoka kuphiri la Horebu kufika ku Kadesi Baranea ndi ulendo wa masiku 11. Anafika, dziko lolonjezedwa lili apo. Mose anatuma azondi 12, mmodzi pa fuko lililonse, ndipo anayenda masiku 40. Pobwera ananyamula tsango la mphesa lalikulu moti anthu awiri analipika pamtengo. Onse 12 anavomereza kuti dzikolo ndi lokoma. Anasiyana pa chinthu chimodzi: 10 anati anthu akumeneko ndi amphamvu, mizinda yawo ndi yamalinga, ndipo ife tinkadziona ngati ziwala pamaso pawo. Yoswa ndi Kalebe anaona malinga omwewo, koma anati tiyeni tipite.

Usiku umenewo msasa wonse unalira. Anthu anati ana athu adzagwidwa ukapolo, tiyeni tisankhe mtsogoleri tibwerere ku Iguputo, ndipo anayamba kukambirana zoponya miyala awiri aja. Funso la Mulungu pa Numeri 14:11 linali lakuti anthu awa adzaleka liti kusandikhulupirira, pamene ndachita zizindikiro zonsezi pakati pawo.

Pali vesi limene ambiri timalidumpha. Mose atawapembedzera, Mulungu anayankha pa vesi 20 kuti ndakhululuka monga wapemphera. Chikhululukiro chinaperekedwa, koma dzikolo sanaliponde. Aliyense wa zaka 20 kupita m'tsogolo anauzidwa kuti adzafera m'chipululu, kupatula Yoswa ndi Kalebe: chaka chimodzi pa tsiku lililonse la azondi, zaka 40. Ana amene ankati adzagwidwa aja ndi amene anadzalowa. Taonani mtundu wa chilangochi. Anthu anati bwenzi titangofera m'chipululu muno, ndipo anapatsidwa chimene ananena. Mana sanasiye kugwa, mtambo sunawachokere, koma moyo wawo wonse unatha akuzungulira pakhomo la chinthu chimene chinali chawo.

M'mawa mwake, atamva chigamulo, anasintha maganizo n'kunena kuti tachimwa, tikupita tsopano. Mose anawaletsa kuti Mulungu sali nanu. Anapitabe, Bokosi la Chipangano litatsala mumsasa, ndipo Aamaleki ndi Akanani anawakantha mpaka ku Horima. Dzulo lake anakana kupita atauzidwa kuti apite, lero anakana kukhala atauzidwa kuti akhale. Kwa ine mbali iyi ndi imene imaonetsa bwino kuti vuto lawo silinali mantha okha, popeza kulimba mtima kwa m'mawawo kunachokera mu mtima womwewo wosamvera.

Salimo 95 linaimba za mbadwo umenewu kuti sudzalowa mu mpumulo wa Mulungu, ndipo wolemba Ahebri anatenga salimolo n'kuliloza kwa Akhristu a m'nthawi yake. Kwa iye chotsatira choyamba cha kusakhulupirira ndi kusowa mpumulo: uthenga unamveka, koma sunawapindulire kanthu chifukwa sunakumane ndi chikhulupiriro mwa omverawo. Zili ngati mankhwala amene dokotala walemba, wodwala n'kuwalandira, n'kukawasunga pamwamba osamwa. Ngakhale Mose sanapulumuke lamulo limeneli. Pa Numeri 20:12 anauzidwa kuti chifukwa sanakhulupirire Mulungu pa madzi a Meriba sadzalowetsa anthu m'dzikomo, ndipo palibe mpingo umene umaphunzitsa kuti Mose anatayika kwamuyaya. Kutaya dalitso ndi kutayika si chinthu chimodzi m'Malemba.

Mtima umauma pang'onopang'ono

Chotsatira chachiwiri chimachitikira mkati. Munthu wogwira ntchito yamanja tsiku ndi tsiku, khungu la m'manja mwake limalimba mpaka sakumvanso kubaya kwa minga yaing'ono. Ahebri 3:13 amachenjeza za kuumitsidwa ndi chinyengo cha tchimo, ndipo Aefeso 4:18-19 amafotokoza anthu amene nzeru zawo zadetsedwa chifukwa cha kuuma mtima, mpaka sakumvanso kanthu. Ganizo lake n'lakuti kukana kwa lero kumapeputsa kukana kwa mawa. Munthu sakhala pamene anali. Akakana zimene waona, maso omwewo amayamba kuchita khungu.

Aroma 1 amafotokoza njira yomweyi ndi mawu amene abwerezedwa katatu, pa vesi 24, 26 ndi 28: Mulungu anawapereka. Mkwiyo wa Mulungu m'mutu umenewu sukuoneka ngati mphezi. Ukuoneka ngati dzanja limene lasiya kugwira, munthu n'kuloledwa kupita kumene wakhala akukokera. Paulo pa 2 Akorinto 4:4 amawonjezapo mdani, kuti mulungu wa nthawi ino wachititsa khungu maganizo a osakhulupirira.

Apa ndi pamene pamabuka funso lakale: amaumitsa mtima ndani? M'buku la Eksodo malo ena akuti Farao anaumitsa mtima wake, monga pa 8:15 ndi 8:32, malo ena akuti Mulungu ndiye anauumitsa, monga pa 9:12. Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria wa m'zaka za m'ma 200, anayankha ndi fanizo la dzuwa, limene kutentha kwake komweko kumasungunula phula la njuchi n'kuumitsa dothi. Otsatira John Calvin, mphunzitsi wa Chipulotesitanti wa m'zaka za m'ma 1500, amatsindika kuti Mulungu ndi wolamulira zonse, ndipo popanda chisomo chake palibe mtima umene ungafewe wokha. Amawerenga Aroma 9 motero. Otsatira mphunzitsi wina wa Chipulotesitanti, Jacobus Arminius, ndipo pambuyo pake John Wesley woyambitsa Methodist, amati chisomo chimafikira onse koma munthu akhoza kuchikana. Nkhaniyi inakambidwa pa msonkhano wa ku Dordrecht mu 1618 ndi 1619, umene unagamula mokomera mbali ya Calvin, koma mkangano sunathere pomwepo. Mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chimodzi: wouma mtima sangaloze Mulungu chala, mlandu ndi wake.

Nanga za ku Nazarete?

Vesi limene anawawerengera mayi aja ndi Marko 6:5-6. Yesu atafika kwawo ku Nazarete, anthu anati si mmisiri wa matabwa uja uyu, mwana wa Mariya? Marko akuti sanathe kuchita zamphamvu kumeneko, kupatula kusanjika manja pa odwala ochepa, ndipo anadabwa ndi kusakhulupirira kwawo. Mateyu 13:58 akuti sanachite zamphamvu zambiri. N'zoona kuti Mauthenga Abwino amalumikiza chikhulupiriro ndi machiritso. Yesu anauza anthu angapo kuti chikhulupiriro chako chakupulumutsa, ndipo mipingo imene imatsindika za machiritso imaima pa mavesi amenewa komanso pa Marko 11:24.

Koma anthu a ku Nazarete sanali makolo ogwada pambali pa mwana wodwala. Anali mudzi umene unamunyoza, ndipo Luka 4 akuti anafuna kumuponya kuphompho. Kutenga vesi lonena za iwo n'kulisenzetsa munthu amene anapemphera mpaka mawu kutha, ine ndimaona kuti n'kulakwira vesilo komanso munthuyo. Pa nkhani ya mwana wogwa pamoto uja, ophunzira atafunsa chifukwa chimene analepherera, Mateyu 17:20 akuloza chikhulupiriro chochepa cha opempherera, osati cha bambo wa mwana. Yakobo 5 nayenso pemphero la chikhulupiriro amaliika pakamwa pa akulu a mpingo. Wodwala wa pathamanda la Betesida anachira asakudziwa n'komwe dzina la womuchiritsa. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake uchoke, sunachoke, ndipo pa 2 Timoteo 4:20 akuti Trofimo anamusiya ku Mileto akudwala. Malemba amanena kuti kusakhulupirira kukhoza kutseka khomo la chozizwitsa. Sanena kuti khomo lililonse lotsekeka latsekedwa ndi kusakhulupirira.

"Waweruzidwa kale"

Chotsatira chachikulu, chimene Akhristu a mipingo yonse amachitenga kukhala cholemera kuposa zonse, ndi kulekana ndi Mulungu. Yohane 3:18 sakuyembekezera tsiku lomaliza: akuti wosakhulupirira waweruzidwa kale. Vesi 36 likuti mkwiyo wa Mulungu ukhala pa iye, mawu osonyeza chinthu chimene chinalipo kale ndipo sichinachoke. Pa Yohane 8:24 Yesu anauza omutsutsa kuti akapanda kukhulupirira adzafa m'machimo awo. Maganizo ake ndi akuti munthu anali kale m'madzi. Kusakhulupirira ndi kukana chingwe chimene waponyeredwa. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri a Chikhristu amati kusakhulupirira ndi tchimo limene limasunga machimo ena onse pamalo pake, popeza limatseka njira imene chikhululukiro chikanadzera. Aefeso 2 amautcha mkhalidwe umenewu imfa, ngakhale munthuyo akuyenda, akudya, akuseka.

Vesi la nyanja ya moto lija, Chivumbulutso 21:8, limayamba ndi amantha, kenako osakhulupirira. Bukuli linalembedwa kwa mipingo 7 ya ku Asiya imene inali pa chipsinjo choti igonjere kupembedza kwa ufumu wa Roma, ndipo akatswiri ambiri amaliika cha m'ma 95. Poti mawu Achigirikiwo amatanthauzanso osakhulupirika, omasulira ambiri amaona kuti mawu awiri oyambawo akuchenjeza a mumpingo amene angamukane Khristu zinthu zikavuta. Ena amawatenga monga onena za aliyense wokana uthenga. Vesi lina lotchuka pa nkhaniyi, Marko 16:16, lili m'gawo la 16:9-20 limene mulibe m'mabuku awiri akale kwambiri a Baibulo olembedwa pamanja a m'zaka za m'ma 300, Sinaiticus ndi Vaticanus, ndipo Mabaibulo ambiri amalemba chizindikiro pamenepo. Komabe mfundo yake ikupezekanso kwa Yohane.

Mawu akuti Gehena amapezeka ka 12 m'Chipangano Chatsopano, ka 11 pakamwa pa Yesu. Linali dzina la malo enieni, Chigwa cha Hinomu, kunja kwa Yerusalemu, kumene mafumu Ahazi ndi Manase anawotcha ana awo ngati nsembe, ndipo Yeremiya anati chidzatchedwa Chigwa Chophera Anthu. Zithunzi zimene Malemba amagwiritsa ntchito ndi moto, mdima wakunja, mphutsi zosafa, khomo lotsekedwa. Poti moto ndi mdima sizikhalira pamodzi, ambiri, kuphatikizapo Calvin, anaziwerenga ngati mafanizo a chinthu choopsa chimene chinenero cha anthu sichingachikwanitse.

Chinthucho n'chotani, apa mipingo imasiyana. Chiphunzitso cha ambiri m'mbiri yonse, Akatolika, a Orthodox ndi Apulotesitanti ochuluka, n'chakuti ndi chilango chosatha chimene munthu amachimva. Bishopu Augustine wa ku Hippo, amene anamwalira mu 430, anaima pa Mateyu 25:46, kuti mawu amodzi omwewo akuti "osatha" anenedwa za moyo ndi za chilango, ndiye sungatalikitse chimodzi n'kufupikitsa chinzake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992 amati ululu waukulu wa kumeneko ndi kulekana ndi Mulungu, ndipo munthu amadzichotsa yekha mwa kusankha kwake. Ena, monga a Seventh-day Adventist, amati otayika adzawonongedwa n'kutheratu. Amaloza Aroma 6:23, kuti mphotho ya tchimo ndi imfa, ndi Mateyu 10:28, za kuwononga moyo ndi thupi lomwe. Mbusa wa Anglican John Stott anaulula mu 1988 kuti amapendekera mbali imeneyi. Kagulu kochepa, kotsatira Origen ndi Gregory wa ku Nyssa, kamayembekeza kuti moto ndi woyeretsa ndipo pamapeto onse adzabwezedwa, potsamira mavesi ngati Akolose 1:20. Dzina la Origen linalowa pa mndandanda wa otsutsidwa pa msonkhano wa ku Constantinople mu 553, ndipo mipingo yambiri ganizoli imalikana mpaka lero.

Ndinene ichi m'mbali: pa Mateyu 25 pomwepo, mbuzi, zimene zikuimira anthu otsutsidwa pa chiweruzo, sizikufunsidwa zimene zinkakhulupirira. Zikufunsidwa za wanjala, wamaliseche, wodwala ndi wam'ndende. Amene amakonda kuponyera ena mavesi a moto kawirikawiri mutu umenewu amauwerenga mothamanga.

Amene sanamvepo

Kodi munthu angaimbidwe mlandu wokana uthenga umene sunamufikire? Malemba amasonyeza kuti mlandu umakula molingana ndi kuwala kumene munthu analandira. Luka 12:47-48 akuti kapolo wodziwa chifuniro cha mbuye wake adzakwapulidwa kwambiri, wosadziwa pang'ono. Yesu anati pa tsiku la chiweruzo Turo, Sidoni ngakhale Sodomu adzapepukidwa kuposa Korazini, Betsaida ndi Kaperenao, mizinda imene inaona zozizwitsa zake. Aroma 2:14-15 amanena za anthu a mitundu ina amene chikumbumtima chawo chimawatsutsa kapena kuwavomereza.

Thomas Aquinas, mphunzitsi wa Chikatolika wa m'zaka za m'ma 1200, anasiyanitsa kusakhulupirira kwa munthu amene sanamvepo, kumene sanakuwerengere ngati tchimo pakokha, ndi kwa munthu amene wamva n'kukana. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, wa mabishopu a Katolika, mu 1964 unaphunzitsa kuti amene sadziwa Uthenga Wabwino popanda kulakwa kwawo, koma amafunafuna Mulungu ndi mtima woona, akhoza kupulumuka mwa chisomo. Apulotesitanti ambiri amaima pa Machitidwe 4:12 ndi Aroma 10:14, kuti chipulumutso chimadza pomva ndi kukhulupirira dzina la Khristu, ndipo osamva amaweruzidwa chifukwa cha machimo awo, osati chifukwa cha uthenga umene sanaumve.

Kodi khomo limatsekeka munthu adakali moyo?

Pa Aroma 11 Paulo akujambula mtengo wa azitona umene nthambi zake zina zinathyoledwa chifukwa cha kusakhulupirira, zina zakutchire n'kumezanitsidwapo. Chenjezo lake likupita kwa nthambi zatsopanozo, kuti zisadzitame chifukwa nazo zikhoza kudulidwa. Kenako pa vesi 23 akuti zothyoledwa zija, zikapanda kukhalabe m'kusakhulupirira, zidzamezanitsidwanso. Paulo ankadziwa zimene akunena: pa 1 Timoteo 1:13 akuti anazunza mpingo mosadziwa, m'kusakhulupirira, ndipo anachitiridwa chifundo. Yohane 7:5 akuti abale ake a Yesu sankamukhulupirira, koma Yakobo, mmodzi wa iwo, ndi amene timamupeza akutsogolera mpingo wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15.

Vesi lovuta ndi Ahebri 6:4-6, limene likuti amene anaunikiridwa, nalawa mphatso yakumwamba, kenako n'kugwa, n'kosatheka kuwabwezanso ku kulapa. Nkhaniyi inafika pa moyo weniweni mu 250, pamene mfumu Decius ya ku Roma inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ndipo alandire kalata yaumboni. Ena mwa makalata amenewa anapezeka mu mchenga wa ku Iguputo, mayina a eni ake akuwerengekabe. Akhristu ambiri anagonja. Chizunzo chitatha anabwerera akulira pakhomo la mpingo. Wansembe Novatian wa ku Roma anati mpingo ulibe mphamvu yowalandiranso. Cornelius, bishopu wa ku Roma kuyambira mu 251, ndi Cyprian wa ku Carthage anati alandiridwe atalapa. Mbali yachiwiriyi ndi imene inapambana, moti msonkhano wa ku Nicaea mu 325 unati otsatira Novatian ofuna kubwerera ayambe avomera kudya Mgonero pamodzi ndi amene anagwa aja. Lero a mbali ya Calvin amati wogwa kotheratu sanali wokhulupirira weniweni kuyambira pachiyambi, a mbali ya Arminius amati anali weniweni koma anachoka. Abusa a mbali zonse ziwiri, munthu akabwera ali ndi mantha kuti mwina wadutsa malire, amamuuza zofanana: mtima wouma kotheratu suda nkhawa ndi kuuma kwake.

Mayi aja sindinawauze zonsezi tsiku limodzi. Tinangowerenga Marko 9 kuyambira vesi 14 mpaka 29. Titafika pa vesi 24 anandiimitsa, n'kufunsa ngati bamboyo ananenadi choncho pamaso pa Yesu, anthu onse akumva. Ndinati eya, ndi mmene zalembedwera. Anatenga Baibulo lija m'manja mwanga, anapinda ngodya ya tsambalo, n'kunena kuti apita nalo kunyumba, adzabweza Lamlungu.